Mmene Ndinaphunzirira Kudzuka Pamphasa

Matenda anga anayambira pa bolodi. Ndine mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono a pulayimale, ndipo chiyambire ntchito ndinkalemba mutu wa phunziro pamwamba penipeni kuti ngakhale wokhala kumbuyo aone. Chaka chimenecho zolemba zanga zinayamba kutsika. Mwezi uno zili pamwamba, mwezi winawo zafika pamlingo wa mphumi yanga, kenaka pachifuwa. Mkono unkakana kukwera. Sikuti unkapweteka kwenikweni ayi, unkangolemera ngati ndanyamula ndowa yodzaza madzi, chonsecho m'manja muli kachoko kamodzi.

Ndinati ndi kuzizira, pakuti ku Mzuzu kuno chilichonse timanamizira kuzizira. Posakhalitsa miyendo nayo inalowa m'chiwembucho. Timakhala ku Katawa, ndipo pochokera kusukulu pali kachitunda kamene ndinkakwera ndikucheza pa foni. Tsopano ndinkaima pakati, n'kumanamizira kufufuza kanthu m'chikwama. Kukwera njinga ya kabaza, imene kuno timati sakaramento, kunasanduka sewero, chifukwa mwendo ndinkachita kuukweza ndi manja awiri ngati ndi wa munthu wina. Tsitsi ndinasiya kupesa, ndinkangomanga duku. Koma chimene chinandiopsa chinachitikira m'kalasi. Ana anga amakhala pansi, ndiye ndinanjuta kuti ndione zimene wina ankalemba. Nditafuna kudzuka, thupi linangoti zii. Ndinakwawa mpaka pa tebulo, ana akuseka poganiza kuti madamu ayambitsa masewera atsopano.

Ku chipatala chaching'ono anandiyeza malungo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, osapeza kanthu. Kachilombo anandiyeza kangapo konse, mpaka ndinazolowera kupereka chala ndisanauzidwe. Mapeto ake ananditumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko ndinakumana ndi dokotala wina wofatsa, amene anandiuza kuti ndipinde manja pachifuwa n'kudzuka pampando. Ndinalephera. Anati ndikweze mikono, iwo n'kuitsitsa ndi zala ziwiri zokha. Ananditenga magazi, tsiku lina n'kudula kamnofu kakang'ono pantchafu kukayezetsa kutali.

Zotsatira zitabwera anandikhazika pansi pamodzi ndi abambo akunyumba. Matendawo anawatchula kuti polimayosaitisi. Anati chitetezo cha m'thupi mwanga, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi matenda, chasokonezeka ndipo chikulimbana ndi minofu yanga yomwe, makamaka ya m'ntchafu, m'chiuno ndi m'mapewa. Minofuyo imatupa mkati n'kumafooka. Si matenda opatsirana, ndiponso sabwera chifukwa chogwira ntchito yolemetsa. Anawonjezera kuti pa zaka zonse zimene agwira ntchito, odwala otere aona owerengeka chabe. Ndisaname, pamenepo ndinamva kakunyada kena kopusa. Ine mwana wa ku Dedza, kudwala matenda osowa chonchi.

Kenaka anatiyalira njira za chithandizo. Yoyamba inali mapiritsi a puredinisoloni, ambiri ndithu poyamba, omwa m'mawa, ndipo azidzachepetsedwa pang'onopang'ono. Anandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kuwasiya mwadzidzidzi ngakhale nditamva bwino chotani. Anati amadzetsa njala, amanenepetsa, amatha kukweza shuga ndi kufooketsa mafupa, komanso amatsitsa chitetezo, n'chifukwa chake anayamba andiunika chifuwa chachikulu. Yachiwiri inali methotirekiseti, womwa kamodzi kokha pa sabata, wothandiza kuti puredinisoloni uja ndisakhale naye wambiri nthawi yaitali. Ameneyu amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi poteteza chiwindi, ndipo sagwirizana ndi mimba. Ndinawauza kuti za mimba tinatseka kalekale, mwana wathu mmodzi ali ku sekondale yogonera konko. Anati akapanda kundiyanja ameneyo, alipo mnzake wotchedwa azathayopirini. Palinso diripi ina yopangidwa kuchokera ku magazi a anthu opereka magazi, ya odwala amene zafika povuta mpaka kulephera kumeza, koma ndi yovuta kuipeza kuno.

"Kumeneko tisafikeko," anatero. "Chotsala ndi mafizo, masewera olimbitsa minofu. Mankhwalawa aletsa kutupa, koma mphamvu sabweza. Mphamvu mudzaibweza nokha."

Abambo akunyumba ndi dalaivala wa boma, munthu wokhalira pamsewu. Pa zonse zimene dokotala ananena, iwo anatolapo mawu amodzi okha, akuti ndiyambe ndapuma kuntchito. Tisanafike n'kunyumba komwe anali ataimbira kale amayi awo ku Rumphi.

Apongozi anga ndi munthu wamfupi, wa mikono ya mlimi wa fodya. Ine Mchewa nditakwatiwa kwa Atumbuka, ndi iwo amene anandiphunzitsa ntchito ya mkamwana, kunena mkazi wa mwana wawo: pogwada, popereka madzi, polankhula ndi akulu. Zaka zonsezo tinkalemekezana, koma motalikirana, aliyense akudziwa malire ake. Anafika ndi thumba la ufa, nyemba ndi nkhuku yamoyo. Ndinayesa kutsetsereka pampando kuti ndiwalonjere mwaulemu, iwo n'kundigwira paphewa.

"Yayi, mkamwana, khalani penepapo. Kuyambira lero simukhudza kanthu m'nyumba muno."

Sankanena mwamwambo chabe. Kwawo, monganso kwathu, wodwala akaoneka ndi tsache m'manja, manyazi amagwera banja lonse. Anthu amafunsa kuti kodi abale ake anafa onse? Tsono apongozi anga lamulo limeneli analigwira ndi manja awiri. Ankandisambitsa, kundiveka, kundipesa tsitsi mondikoka ngati akuzula udzu. Ndikangosuntha pampando, dzanja lawo linali litafika kale m'khwapa. Kapu ya madzi ili pafupi pomwepa, ndikati nditambasule mkono, ndinkangoona yafika pakamwa. Masabata oyamba ndinamva kukoma, sindibisa. Munthu amene ndinamugwadira zaka zambirimbiri akundipukuta mapazi, ndinkangoti m'mtima, matendawa ali ndi mbali yake yabwino.

Njala ya puredinisoloni inakumana ndi mphika wa apongozi, ndipo zinagwirizana kwambiri. M'mawa phala la nsinjiro, chakumasana mbalagha, zija nthochi zophika ndi nyama, madzulo usipa wa ku Nkhata Bay, pakatipakati mbatata. Nkhope yanga inakula n'kukhala yozungulira ngati chitumbuwa. Odzazonda matenda ankangofika pakhomo n'kuomba m'manja.

"Aa, madamu, mwachira. Taonani masayawo."

Apongozi ankathokoza m'malo mwanga. "Yewo chomene. Tikuyesetsa."

Ena ankati ndisiye mapiritsi popeza ndachira kale. Ambiri sankabwera chimanjamanja. Wina ufa wa chammwamba, wina masamba a nimu, wina madzi opemphereredwa m'botolo, wina nkhani ya bambo wa ku Chibavi wodziwa kutema mphini za nyamakazi. Mayi wa pagolosale yapafupi, wa ku Mangochi, anabwera ndi uchi, ndipo umenewo ndinadya wonse ndi mtima umodzi. Zinazo ndinawafotokozera apongozi kuti dokotala analetsa kusakaniza chifukwa cha chiwindi. Ndinkayembekezera mkangano, koma anangovomera. Mabotolo ankalandira ndi ulemu wonse, alendo akachoka n'kukathira kuseri kwa bafa. Pa mapiritsi anali msilikali. Tsiku la methotirekiseti ankalitcha la kamankhwala kaukali, ndipo sanaliphonyepo.

Vuto linali mafizo. Dokotala ataona kuti magazi akusonyeza kuti kutupa kwayamba kutsika, ananditumiza kwa mayi wina wachitsikana wa ntchito imeneyi. Apongozi anandiperekeza, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Mayiyo anandigoneka pabedi n'kundiuza kuti ndikweze mwendo, ndiutsitse, ndikwezenso. Anandipatsa lamba wa mphira kuti ndizikoka. Kenaka anandikhazika pampando wautali kuti ndidzuke ndekha. Ndisanayambe n'komwe, dzanja lija linali m'khwapa.

"Agogo, musawathandize," anatero mayiyo.

Dzanja linachoka. Ndinayesanso, ndipo linabwerera.

"Agogo, chonde."

Apongozi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kasi imwe ndinu nesi wa mtundu wanji? Munthu akudwala, inu mukumuchititsa majowajowa."

Mayiyo anaseka, koma zimene ananena pambuyo pake sizinali zoseketsa. Anandigwira ntchafu n'kundiuza kuti ngakhale nkhope yanenepa, minofu yaphwa kuposa mmene matenda okha akanaiphwetsera. Mnofu wosagwira ntchito umatha. Anati ndikapitiriza kunyamulidwa, ndidzanyamulidwa moyo wanga wonse. Ndinamufunsa za kusukulu. Anafunsa kuti ana anga amakhala pati, ndipo nditati pansi, anati sangandilole kubwerera m'kalasi ndisanathe kukhala pansi n'kudzuka pandekha, popanda mpando kapena munthu. Anandionetsa kachitidwe kake iye mwini: kutembenukira chammbali, kugwada, manja pansi, kuponda ndi phazi limodzi, kukankha. Kwa iye zinatenga kanthawi kophethira. Ine ndinatuluka m'chipindamo mtima uli m'mwamba. Ana aja ndinkawasowa koopsa, ndi phokoso lawo ndi mamina awo omwe.

Kunyumba palibe chinasintha. Apongozi anagamula kuti mtsikana uja sanaleredwe bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsono mkamwana angakalipire bwanji apongozi, makamaka amene asiya munda wawo kudzakusambitsa? Ndinkayesa kuchita mafizo mobisa iwo akapita ku msika, koma ankayenda ngati akuthamangitsidwa, ndipo ankandipeza ndili wefuwefu n'kuyamba kundigwira pamphumi. Ndinadandaula kwa abambo akunyumba kuti alankhule ndi amayi awo.

"Amama akuchita zimenezi chifukwa chokukondani," anatero, uku akumanga zingwe za nsapato.

"Ndikudziwa. Chikondi chimenecho chindipundula."

"Ndiwauza ndikabwera."

Anapita ku Karonga, atabwera sanawauze. Mwamuna wa ndevu zake, woyendetsa mabwana, koma pamaso pa amayi ake amasanduka mwana wa sitandade wani. Ndinakwiya kwambiri masiku amenewo. Ndinkakwiyira iwo, apongozi, mapiritsi, ngakhale nkhuku zoyenda pabwalo ndi miyendo yawo yabwinobwino.

M'mawa wina kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu, apongozi anali kuseri akuchapa, nyemba zili pambaula pakhonde. Ndinayang'ana mphasa imene iwo ankakhalapo pabalaza ndipo ndinati lero ndi lero. Kutsika kunali kosavuta, ndinangotsetsereka n'kufika phi. Kudzuka ndiye kunakanika. Ndinatembenuka, ndinagwada, ndinaponda, koma mwendo unangonjenjemera n'kundibwezera pansi. Apongozi anandipeza ndili chafufumimba, mutu pansi pa tebulo.

Anataya beseni, anandizungulira kumbuyo, anandigwira m'khwapa monse muwiri n'kukoka. Anaiwala kuti munthu amene ankamukoka ndi yemwe uja anamunenepetsa okha ndi mbalagha. Ndinamva kuti khe. Manja anandisiya, ndipo apongozi anatsika pang'onopang'ono n'kugona chagada pambali panga.

"Msana," anatero ndi mawu aang'ono.

Tinagona pamenepo awiriwiri tikuyang'ana kudenga. Chitseko chinali chotseka, foni ili pamwamba pa kabati. Mvula inali itakula, ikulira pamalata moti kuitana kunali kutaya mawu. Posakhalitsa fungo la nyemba zopserera linalowa m'nyumba. Sindikudziwa anayamba ndani, koma tinaseka. Apongozi ankaseka n'kumabuula, chifukwa kuseka kunkawabaya pamsana, ndipo kubuulako kunkandiseketsanso ine. Chikwatiwire ndinali ndisanasekepo nawo chonchi.

Kuseka kutatha ndinati, "Amama, bwanji simufuna kuti ndizichita mafizo?"

Anayankha akuyang'anabe kudenga. "Wanthu anena vichi, anena chiyani? Ati gogo uja anabwera kudzadya za mwana wake, mkamwana wodwala akukwawa pansi. Ati chifukwa ndi Mchewa, sakumusamala. Soni, mkamwana, manyazi."

"Anthuwo ali kuti panopa, amama? Nyemba zikupserera, palibe wabwera."

Ndinapitiriza, popeza munthu ukagona pansi ndi apongozi ako malire aja saonekanso bwino. Ndinawauza kuti ndikuopa. Ndikuopa kukalambira pampando uja, kuyang'ana ana a sukulu akudutsa pamsewu. Ndinawauza kuti iwo adzabwerera ku Rumphi, mwana wawo adzakhala ali pamsewu, ndipo ine ndikadzagwa ndidzagona pansi mpaka madzulo. Misozi inkatsikira m'makutu, poti ndinali chagada.

"Mtsikana uja anati muziyamba ndi vichi?" anafunsa patapita nthawi.

"Kutembenuka."

"Tembenukani, tione."

Ndinatembenuka, ndinagwada, ndinakwawira kumpando. Apongozi ankalamula ali chigonere, mutu wokha atautembenuza. Ndinaika zigongono pampando, ndinaponda ndi phazi limodzi, n'kudzikoka mpaka mimba inafika pamwamba. Sikunali kudzuka kumene mayi wa mafizo ankafuna, koma kunakwanira kuti ndifike pa zenera n'kuitana mayi wa pagolosale uja. Anabwera ndi amuna awo kudzanyamula apongozi. Nyemba zinali zitasanduka makala, ndipo mphika womwewo sunachirenso.

Apongozi anagona masiku angapo. Atadzuka anali munthu wina, koma m'nyumba mokha. M'mawa uliwonse ankatseka chitseko, kukoka makatani, kukweza wailesi kuti oyandikana nawo asamve kubuula kwanga, kenaka n'kukhala pampando manja atapinda.

"Wukani. Khalani pasi. Wukaniso." Ine n'kumadzuka, kukhala pansi, kudzukanso.

Munthu yemwe uja ankanena mayi wa mafizo kuti ndi wankhanza anamuposa kutalitali. Ndikati ndatopa ankati nkhongono, kunena mphamvu, sizibwera ndi kudandaula. Ndinachita kuwakumbutsa kuti mayi uja anati tisapyole muyeso, minofu ikayamba kuwawa tizipuma. Anayamba kundipatsa nyemba kuti ndisankhe, kenaka mbale kuti nditsuke nditakhala, kenaka chipeso. Tsiku limene ndinapesa ndekha tsitsi lakumbuyo, anandiuza kuti mzere wapindika. Koma wina akangogogoda, zonse zinkasintha. Mbale ankazilanda, wailesi n'kutsitsa, ndipo mlendo ankandipeza ndili phee pampando, bulangete m'miyendo. Ku tchalitchi ndi ku chipatala dzanja lija linali m'khwapa mwanga monga kale. Ndinawalekerera. Ndinaona kuti apereka kale zambiri.

Sizinayende mowongoka. Methotirekiseti ankandichititsa nseru tsiku lotsatira, mpaka dokotala anasintha kamwedwe ka vitamini wina womwera pambali. Chimfine chimene ena amachira akuyenda chinandigoneka n'kundibweza mmbuyo. Panali masabata amene ndinkaona ngati palibe chikusintha. Puredinisoloni anayamba kuchepetsedwa, nkhope n'kuyamba kuphwa, ndipo odzazonda aja anayamba kuda nkhawa kuti matenda abwerera, popeza masaya akutha. Ndinasiya kuwafotokozera. Mapiritsi ena ndikumwabe mpaka lero, ndipo dokotala anandiuza poyera kuti matendawa amagona chabe, akhoza kudzadzukanso.

Teremu yatsopano inayandikira. Kudzuka pampando ndinkatha, ngakhale wamfupi. Kudzuka pansi ndinkatha pokhapokha pali chogwira. Popanda chogwira ndinkafika pakati n'kubwerera. Mayi wa mafizo anati andiona sabata yotsatira, ndipo zikakanika tidikira teremu ina.

Loweruka lake masana kunabwera amayi a ku tchalitchi kudzandizonda. Anali ambiri moti mipando sinakwane, ndiye apongozi anayala mphasa pabwalo, kunja kuli kadzuwa. Monire, monire mose, mwatandala uli, malonje anayenda mpaka anakwana onse. Ine ananditulutsira mpando wanga ndi bulangete. Ndinauyang'ana mpandowo ndipo unandinyansa. Ndinati ndikhala pamphasa ndi anzanga. Amayi apampando a gululo, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe, anakana, koma ndinali nditatsika kale. Apongozi anandiyang'ana, n'kukhala pansi chapatali pang'ono.

Tinaimba, tinamva mawu, anapereka shuga ndi sopo zimene anabweretsa. Wina anayamikira apongozi kuti masiku ano apongozi otere ndi osowa, osalola mkamwana kukhudza ngakhale supuni. Onse anavomereza. Kenaka amayi apampando anati tiimirire titseke ndi pemphero. Anthu anadzuka, akukutumula zitenje. Manja anabwera kwa ine kuchokera mbali zonse.

"Mulekeni."

Anali apongozi. Anali asanadzuke, ndipo sanakweze mawu. Manja aja anaima m'malere.

"Amama, awa ndi odwala," anatero amayi apampando.

"Nkhumanya, ndikudziwa. Mulekeni awuke yekha."

Ndinamva wina akutsonya. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona, mokweza ndithu kuti zimveke, kuti apongozi ena ndi ankhanza, zabwino amangochitira pamaso pa anthu. Ndinadziwa kuti iwo amva. Chinthu chimene anachiopa miyezi yonseyi chinali chitawapeza pabwalo la mwana wawo, ndipo anachiitana okha.

Ndinatembenukira chammbali. Ndinagwada, manja pansi, mbuyo yanga italoza amayi apampando, ulemu wonse nditauiwala. Ndinaponda ndi phazi lamanja n'kuika manja pabondo. Ndinakankha. Ntchafu inanjenjemera, ndinakwera pang'ono, n'kugweranso pabondo. Wina anati mayo, ndipo mapazi angapo anasendera.

"Nati mulekeni," anateronso apongozi.

Ndinapuma. Thukuta linkatsika ngakhale kunali kamphepo. Ndinasendeza phazi kutsogolo pang'ono monga ankanenera mayi wa mafizo, ndinaweramira kutsogolo, n'kukankha ndi zonse zimene ndinali nazo. Ndinatulutsa mawu ena osayenera pa msonkhano wa amayi. Bondo linachoka pamphasa, phazi lina linabwera, manja anayenda kuchoka pamaondo kufika m'chiuno, ndipo ndinapezeka ndaima. Chitenje chinali chitamasuka, duku lili pakhutu limodzi. Wina anayamba nthungululu, ena n'kulandira. Amayi apampando anapemphera pemphero lalifupi kuposa masiku onse, ndipo anthu anabalalika. Ena potsanzika anawadumpha apongozi.

Nditaperekeza alendo mpaka pampanda, ndinabwerera n'kuwapeza akadali pamphasa pomwe paja, atakhala mopendekeka. Ndinaganiza kuti ndi msana. Nditayandikira ndinaona kuti anali atakhalira manja awo onse awiri. Anawatulutsa pang'onopang'ono, atachita dzanzi, mizere ya mphasa itadindika pakhungu.

"Mawa ku tchalitchi andinena chomene," anatero.

"Akunenani ndithu, amama."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuloza pamphasa.

"Khalani pasi mudzukenso, mkamwana. Ine sindinaone, ndinatsinzina."